Aliyense akudziwa ubwino wa masewera olimbitsa thupi, nanga bwanji ambiri sakuchita?

Nachisale_PH
Moni nonse pagulu pano. Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a zaumoyo ku yunivesite, mbali yolimbikitsa anthu kusintha khalidwe kuti apewe matenda. Kafukufuku wanga womalizira ndi wa anthu ogwira ntchito za muofesi mu Lilongwe, kuti tingatani kuti aziyendetsako thupi. Ndakhala ndikucheza ndi amayi ndi abambo ku City Centre ndi ku Old Town, ndipo pali chinthu chimene chandiimitsa mutu. Sindinapeze munthu wosadziwa. Aliyense akuyankha bwinobwino kuti masewera olimbitsa thupi amatsitsa BP, amathandiza pa shuga, amachepetsa thupi. Koma ndikafunsa kuti sabata yathayi mwachitapo chiyani, amangoseka n'kunena kuti ayamba mwezi wamawa.

Aphunzitsi amene akundiyang'anira andiuza kuti ndisabwere ndi maganizo a mapositala ndi mauthenga a pa wailesi, chifukwa munthu wodziwa kale sungamusinthe pomuuzanso zomwe akudziwazo. Ndiye ndabwera kwa inu. Amene munayamba ndipo mpaka pano simunasiye, chinakugwirani n'chiyani? Amene munayamba n'kusiyira panjira, chinakusiyitsani n'chiyani? Dzina la munthu sindilemba paliponse, ndikungofuna ndimve mmene zimakhalira.

MalumeWaKuNdirande
Mwana wanga, musandimve molakwa, koma maphunziro enawa ndi a anthu akunja. Mmalawi mukufuna kumuphunzitsa kuyenda? Ine ndimadzuka kusanache, kutsika wapansi kuchokera ku Ndirande mpaka ku Ginnery Corner, madzulo kukweranso chitunda chomwecho. Mayi anga ku Thyolo ndi okalamba koma khasu sanalisiye, madzi amatunga okha, nkhuni amasenza okha. Ndalama zimene zikupita ku kafukufuku wotereyu zikanagula mankhwala a BP, bwenzi tikuona phindu lake.

Nesi_wa_NCD
A Malume, mbali ina mukunena zoona, ndipo manambala ali kumbali yanu. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, osakwana 10 mwa 100 alionse ndi amene sankayendetsa thupi mokwanira. Dziko lonse lapansi, WHO ikuti mu 2022 anali 31 mwa 100. Ndiye Amalawi ambiri akuyendadi.

Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Komanso mwana wanuyu sakunena za inu. Akunena za munthu amene amatuluka m'nyumba n'kulowa m'galimoto, kukatsikira pakhomo pa ofesi, kukhala pampando mpaka 5 koloko, nsima ya masana n'kumubweretsera pa desiki pomwepo. Anthu amenewa ndimawalandira ku kiliniki. Ena zaka 40 sanakwanitse, koma BP ikuwerenga 170, ndipo akudabwa chifukwa samva kupweteka paliponse.

MalumeWaKuNdirande
Ndiye amenewo ndi angati m'dziko muno? Tisasiye anthu ochuluka n'kumadandaula za mabwana.

Wakale_MPH
Si mabwana okha a Malume. Bungwe lochita kafukufuku wa zaumoyo la MEIRU linayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Amayi a m'tauni 44 mwa 100 alionse anali onenepa mopitirira muyezo, abambo a m'tauni 18 mwa 100. Area 25 si kwa mabwana. Muli amayi ogulitsa kaunjika amene amakhala pabenchi tsiku lonse, telala pa makina ake, wa Airtel Money m'kakontena kake. Tauni ikamakula, ntchito zokhala pansi zimachuluka.

KabazaWaMchesi
Ine ndikuonjezere zomwe ndimaona pa siteji. Kale munthu akatsika minibasi ankayenda wapansi kukafika kunyumba. Pano ngakhale pamtunda woti nyumba ikuoneka apo, amakwera njinga yamoto. Ine ndimadyera momwemo, sindingamubweze kasitomala. Koma ndimaona kuti miyendo anthu akuisiya. Ife tomwe amene tinachoka pa njinga yopalasa n'kupita pa yamoto, mathalauza akutithina.

Chikondi265
Dikirani mafuta asowenso, aliyense ayenda.

KabazaWaMchesi
Akasowa mafuta anthu amayendadi, koma amayenda akutukwana. Akangobwera mafuta, tsiku lomwelo abwerera pa njinga. Kuyenda kokakamizidwa sikukhalitsa.

MayiAwiri_Area49
Achemwali a Nachisale, ine ndili m'gulu la osiyira panjira, ndipo ndikuuzani chilungamo chake. Nditabereka mwana wachiwiri thupi linakwera kwambiri, mawondo n'kuyamba kupweteka. Ndinayamba kudzuka m'mamawa kuyenda mofulumira, nsima ndinachepetsa, zakumwa zashuga ndinasiya. Zinayenda bwino ndithu. Mawondo anasiya, tulo ndinkagona, madiresi ndinapita nawo kwa telala kuti akabweze m'chiuno.

Ndiye kunagwa maliro kwawo kwa bambo a kunyumba. Tili kuseri kophikira, ndikupala moto pansi pa mphika wa nyemba, ndinaona amayi awiri akundiyang'ana m'khosi n'kumakodolana. Madzulo ake apongozi anandiitanira m'chipinda, anatseka chitseko, n'kundigwira dzanja. Anandifunsa motsitsa mawu kuti kodi ndakayezetsa, ndipo ngati pali vuto ndisabise, mankhwala alipo masiku ano. Atatero anaitananso mwana wawo kumufunsa ngati akundisunga bwino. Bambo anabwera kunyumba atakhumudwa, akuti ndawachititsa manyazi kwa abale awo ngati kuti kunyumba kulibe chakudya.

Ndinasiya sabata yomweyo. Si ulesi ayi, ndipo ubwino wake ndinauona ndi maso anga. Koma ndinaona kuti ndisunge mtendere pabanja.

NaphiriWaKuDedza
Izi ndiye zenizeni. Mkazi akakwatiwa n'kunenepa, anthu amati wapeza banja labwino. Akaonda, mafunso amayamba. Ife amene tinakula nthawi imene Edzi inkatenga anthu ma ARV asanafike, tikaona munthu akutsika thupi mtima umadumpha. Apongozi anuwo sanachite mwankhanza, anachita mwa mantha amene anawaona ndi maso.

Wakale_MPH
A Nachisale, zimene alemba a MayiAwiri muziwerenge kawiri, chifukwa kafukufuku wanu ali pamenepo.

Ndikhulupirira mwaphunzira kale za Health Belief Model, imene inayamba ku America m'zaka za m'ma 1950. Mfundo yake ndi yakuti munthu amasintha akaona kuti matenda angamugwire, kuti ndi oopsa, ndipo kuti phindu la kusintha likuposa zovuta zake. Imathandiza ndithu pa zinthu zochita kamodzi, monga kukabayitsa katemera kapena kukayezetsa. Koma kuyenda m'mawa si chinthu chochita kamodzi. Ndi chisankho chimene munthu amachipanga mobwerezabwereza, pamaso pa anthu, kwa moyo wonse. A MayiAwiri ankakhulupirira zonse zimene Health Belief Model ikufuna, koma anasiyabe.

Chimene ndingakulangizeni ndi COM-B, ya Susan Michie ndi anzake ku London, imene inatuluka mu 2011. Iyo imati kuti khalidwe lichitike pamafunika zinthu zitatu pamodzi: munthu akhale ndi kuthekera, akhale ndi mpata, ndiponso akhale ndi chifuniro. Mpatawo si nthawi ndi malo zokha, komanso ngati anthu omuzungulira akumulola. Tikakonza uthenga wa pa wailesi timakhala tikuthira madzi pa chifuniro, pomwe chauma ndi mpata. Ndiye funso lanu lisakhale loti anthu akudziwa chiyani. Afunseni kuti akanati ayende mawa m'mawa, ndani angawaone, anganene chiyani, ana angawasiyire ndani, angadutse njira iti, ndipo akabwera thukuta lili thoo madzi osamba alipo kapena mpopi wauma.

Nachisale_PH
Zikomo kwambiri a MayiAwiri pomasuka chonchi. A Wakale, COM-B tinaiphunzira, koma m'kalasi mpata tinkauona ngati nkhani ya jimu ndi mabwalo. Za apongozi sizinatchulidwepo. Ndifunse amayi ena pano, kodi nkhani ya zovala nayo imavuta?

Tiya_Chilomoni
Imavuta kwambiri. Ine ndimathamanga, ndipo ndinayamba ndi thalauza lothina lamasewera. Anyamata a pa siteji ankaimba malikhweru, tsiku lina wina ananditsatira kamtunda ndithu akundiyankhula zachabechabe. Pano ndimamanga chitenje pamwamba mpaka nditatuluka m'dera lathu, kenako ndimachimanga m'chiuno. Komanso nthawi yokhayo imene ndili ndi mpata ndi 5 koloko m'mawa, kunja kukadali mdima, agalu ali pamsewu, akuba nawonso sanagone. Mwamuna amangovala nsapato n'kutuluka. Mkazi amayamba wawerengera zonsezi.

BigMan_Namiwawa
Zifukwa zachuluka apa. Amene akufuna amachita. Jimu zilipo, ena timadzuka 4 koloko. Vuto la anthu athu ndi kusadziletsa basi.

Tiya_Chilomoni
Achimwene, mukamadzuka 4 koloko kupita ku jimu, phala la ana amaphika ndani?

BigMan_Namiwawa
Mayi a kunyumba ndi mtsikana wantchito.

Tiya_Chilomoni
Ndiye mpata wanuwo akukupatsani ndi anthu awiri. Iwo awo akuwapatsa ndani?

Fizo_Mzuzu
Ndibwerere kwa a Malume pang'ono, chifukwa funso lawo lisatayike. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo, ndipo odwala sitiroko amene ndimawaona si a muofesi okha. Alimi alipo, onyamula katundu alipo.

Kafukufuku wa kuyendetsa thupi anayambira pa ntchito zimene anthu amagwira. Mu 1953 dokotala wina wa ku Britain, Jerry Morris, anayerekeza madalaivala a mabasi osanjikizana a ku London ndi makondakitala awo. Dalaivala amakhala pansi tsiku lonse, kondakitala amakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Anapeza kuti matenda a mtima ankagwira madalaivala kwambiri kuposa makondakitala. Pamenepo m'pamene madokotala anayamba kukhulupirira kuti kukhala pansi kumadwalitsa.

Koma kafukufuku wa zaka zaposachedwa, makamaka wa ku Denmark, akusonyeza kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse, yonyamula zolemera popanda kupuma mokwanira, siipatsa mtima phindu lofanana ndi kuyenda mofulumira kapena kuthamanga kwa kanthawi kenako n'kupuma. Nkhaniyi akadakambiranabe, koma ikutiuza kuti tisamangoti mlimi ndi wotetezeka chifukwa amalima. Ndipo BP ili ndi zoyambitsa zina: mchere wambiri, mowa, fodya, msinkhu, za kumtundu. Mayi anu ku Thyolo musakawauze kuti azithamanga, koma kawayezetseni BP.

MalumeWaKuNdirande
Apo ndamva. Mchere ndiye amathira ndi dzanja lonse. Ndikapita kumapeto a mwezi ndikawatengera ku chipatala. Koma ndikubwerezabe, musadzabwere ku Ndirande ndi uthenga woti tiziyenda. Mudzabwere ndi makina oyezera.

Wakale_MPH
Mwanena bwino, ndipo ndi chifukwa chake uthenga umodzi wa dziko lonse sugwira. Wa ku Ndirande woyenda wapansi akufunika china, wa pa desiki ku Capital Hill akufunika china.

Form4_Leaver
Pepani ndilowetse nkhani ina. Maphunziro amenewa amachitikira kuti kuno kwathu, ndipo ntchito zake zimapezeka? Makolo anga akuti ndichite unesi chifukwa zinazi n'zongoyankhula.

Nesi_wa_NCD
Yang'ana ku yunivesite ya KUHeS, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2021. Ali ndi sukulu ya zaumoyo wa anthu, ndipo mafizo amaphunzitsanso komweko. Ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, kuli maphunziro a zaumoyo ndi ukhondo wa malo okhala. Ntchito zimakhala ku maofesi a zaumoyo a m'maboma, kumene kumakhala wogwira ntchito yolimbikitsa zaumoyo, ku mabungwe, ndi kumalo ochita kafukufuku. Sindikunamiza kuti ntchito ikudikirira pakhomo, achinyamata ambiri akuvutika kupeza ntchito m'magawo onse. Koma zoti n'zongoyankhula, ayi. Ine ndine nesi, ndipo wodwala akafika kwa ine ali ndi sitiroko, zambiri zimakhala zitachedwa kale. Wina amayenera kumupeza zaka khumi m'mbuyomo.

BigMan_Namiwawa
Ndalama zili ku mabungwe, koma mabungwe amafuna malungo, Edzi ndi uchembere. Za masewera ndani angakulipire?

Wakale_MPH
Zakhaladi choncho kwa nthawi yaitali, ndipo thandizo lakunja likachepa zimavutirapo. Koma anthu amene ali pa ma ARV akukalamba tsopano, ndipo akudwala BP ndi shuga ngati wina aliyense. Amene adzadziwe kugwirizanitsa ziwirizi sadzasowa chochita. Form4_Leaver, funsa ku sukuluzo zofunika kuti ulowe, usadalire zapagulu pano zokha.

Achimwene_Joburg
Ndibwezere nkhani kwa a Nachisale. Kuno ku Johannesburg chimene chinandigwira ine ndi parkrun. Inayambira ku Bushy Park ku London mu 2004, ndipo kuno inafika mu 2011 ku Delta Park. Loweruka lililonse m'mawa anthu amakumana kuyenda kapena kuthamanga makilomita 5. Ndi yaulere, umangolembetsa pa intaneti kamodzi. Palibe amene amakuuza za matenda. Agogo amayenda, amayi amakankha tingolo ta ana, othamanga kwambiri amapita kutsogolo, ndipo pamakhala munthu wodzipereka amene amayenda kumbuyo kwa onse kuti wina asakhale womaliza. Chimene chimandidzutsa ine si mantha a shuga. Ndi choti tsiku ndi lomwelo, nthawi ndi yomweyo, malo ndi omwewo, ndipo ndikajomba anzanga amandifunsa.

Chikondi265
Kumeneko kuli mapaki. Kuno mukathamangira kuti? Mumsewu minibasi ikukuombani, m'mbali muli ngalande ndi ogulitsa tomato.

Mphunzitsi_Kasungu
Mabwalo a sukulu alipo m'dera lililonse, ndipo Loweruka m'mawa amangokhala. Mabwalo a mipingo chimodzimodzi. Malo tili nawo, koma sitinawaganizire motero.

Komabe a Chikondi ali ndi mfundo. Ku Kigali anayamba mu 2016 kutseka misewu ina Lamulungu m'mawa kuti anthu ayende, athamange, apalase njinga, ndipo pamalo pomwepo amayeza anthu BP ndi shuga kwaulere. Ku Bogotá ku Colombia akhala akutseka misewu chonchi kuyambira m'ma 1970. Zimenezi si za munthu mmodzi, ndi za akuluakulu a mzinda. Ife timakhala ndi mipikisano ya pachaka ngati Be More Race ku Lilongwe kapena Porters Race ku Mulanje, ndipo ndi yabwino, koma kamodzi pachaka sikasintha thupi la munthu.

Wakale_MPH
Aphunzitsi mwakhudza mtima wa maphunzirowa. Chikalata cha Ottawa cholimbikitsa zaumoyo cha mu 1986, chimene ophunzira onse a gawo limeneli amayamba nacho, sichinaike mtolo wonse pa munthu payekha. Chinatchula malamulo a boma, malo okhala othandiza umoyo, mphamvu za anthu a m'dera, luso la munthu, ndi kusintha kagwiridwe ntchito ka zipatala. Ife timathamangira luso la munthu chifukwa ndi lotchipa: kusindikiza pepala n'kosavuta kusiyana ndi kumanga njira ya oyenda pansi. WHO inaika cholinga choti pofika 2030 kusayendetsa thupi kutsike ndi 15 peresenti, koma manambala a dziko lapansi akukwera m'malo motsika. Mapepala okha akanakhala okwanira, bwenzi zitatsika kale.

BamboWaShuga_Zomba
Ine ndili m'gulu la amene sanasiye, ndiye ndiyankhe funso loyamba lija. Anandipeza ndi shuga nditayamba kumwa madzi kwambiri ndi kudzuka usiku pafupipafupi. Adokotala anandipatsa mankhwala a shuga a metformin n'kundiuza kuti ndiziyenda. Ndinayesa ndekha, zinkatheka masiku ochepa kenako mvula, kenako maliro, kenako basi.

Chinasintha zinthu ndi mnzanga wina wopuma pantchito amene timapemphera limodzi, nayenso wa BP. Tinapangana kuti azindigogodera pageti m'mawa. Amafika atavala chipewa chake cha ubweya, atanyamula ndodo yoopsezera agalu, n'kugogoda katatu ndi mwala. Ngakhale kuzizire bwanji mwezi wa June kuno ku Zomba, sindingamusiye mkulu mnzanga ataima pageti. Timakwera njira yopita kuphiri mpaka titayamba kupuma mwamphamvu, n'kutembenuka. Tikuyenda timakamba za mpira, za ana, za mitengo ya feteleza. Za shuga sititchula n'komwe.

Akazi anga poyamba ankati ndikudzionetsa. Ataona kuti shuga watsika pa kabuku ka kuchipatala, pano ndi iwo amene amandiikira nsapato pakhomo usiku.

Nesi_wa_NCD
Bambo, mwachita bwino, ndipo mwachitanso bwino posasiya mankhwala. Ndinene izi kwa onse, chifukwa ndaona anthu akuvulala nazo. Munthu akayamba kuyenda, BP kapena shuga n'kutsika, amaganiza kuti wachira ndipo amataya mankhwala. Musatero. Pitani kuchipatala, adokotala ndi amene angachepetse. Amene muli pa mankhwala a shuga a insulin kapena glibenclamide, muziyenda ndi kasiwiti m'thumba chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri. A shuga muziyang'ananso mapazi mukabwera, kachilonda kakang'ono ka nsapato kamakula. Ndipo mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani, musalimbe mtima.

Kwa amene sanadwale koma shuga ali m'malire, phindu ndi lalikulu. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene anatuluka mu 2002, anapeza kuti kuyenda mphindi 150 pa sabata pamodzi ndi kutsitsa thupi pang'ono kunachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi 58 peresenti, pomwe metformin anachepetsa ndi 31 peresenti.

Chikondi265
Mphindi 150 zimenezo ndi za jimu kapena kuyenda wamba?

Fizo_Mzuzu
Jimu si lamulo. Malangizo a WHO a mu 2020 amati wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za zinthu zopumitsa mwamphamvu pang'ono, kapena mphindi 75 mpaka 150 za zolimba ngati kuthamanga, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Ana a zaka 5 mpaka 17, ola limodzi patsiku. Poyezera pake n'posavuta: ngati ukutha kuyankhula koma sungathe kuimba, wafika mulingo wake. Mphindi 30 masiku asanu zakwana. Kuyenda mofulumira kukuwerengedwa, kupalasa njinga, netiboli, kuvina. Ndipo amanenanso kuti pang'ono ndi bwino kusiyana ndi kusachita konse, ndiye amene angakwanitse mphindi 10 ayambe ndi zomwezo.

NaphiriWaKuDedza
Mwatchula kuvina, ndiye ndinene. Amayi a kumpingo kwathu tikamakonzekera msonkhano timayeserera nyimbo ndi kuvina kawiri pa sabata, ndipo timatuluka thukuta lili chuchuchu. Palibe mwamuna amene amaletsa mkazi wake kupita kukwaya kapena ku Mvano. Palibe mpongozi amene amafunsa. Chitenje chili m'chiuno, mpango uli kumutu, ulemu onse ulipo. Chimtali ndi chisamba amayi akhala akuvina kuyambira kale, abambo mganda ndi malipenga. Mukamafuna amayi aziyendetsa thupi, bwanji osadzera m'magulu amene alipo kale, monga a kumpingo ndi a banki m'khonde, m'malo mowauza kuti avale zothina azithamanga pamsewu?

BigMan_Namiwawa
Kuvina kwaya sikungachotse mimba. Tisanamizane.

Fizo_Mzuzu
Cholinga choyamba si mimba achimwene. Munthu akhoza kutsitsa BP ndi shuga sikelo isanasunthe n'komwe. Ndipo kwa mayi ngati a MayiAwiri, imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa phindu lambiri akhoza kulipeza popanda kuonda kofika podabwitsa abale. Tikamagulitsa masewera ngati njira yoondera, timathamangitsa anthu amene kwawo kuonda ndi mlandu. Tiziti mawondo asiye kupweteka, tulo tibwere, BP itsike, munthu athe kukwera chitunda osaima.

MayiAwiri_Area49
Zimenezi sanandiuzepo munthu. Ine ndinkayang'ana sikelo basi. Mawondo ayambiranso, ndiye nkhaniyi ikundikhudza.

Wakale_MPH
A Nachisale, chenjezo limodzi pa kayezedwe. Mukagwiritsa ntchito mafunso a GPAQ, amene STEPS imagwiritsa ntchito, kumbukirani kuti amafunsa magawo atatu: kuntchito, paulendo, ndi pa nthawi yopuma. Anthu amakonda kuchulukitsa mphindi akamayankha pakamwa, makamaka akaona kuti wofunsayo ndi wa zaumoyo. Ena amachepetsa, chifukwa kuchapa, kukolopa ndi kuyenda kupita kumsika saziwerengera. Ngati ena mwa anthu anu ali ndi mafoni owerenga mapazi, apempheni muone, muyerekeze ndi zomwe anena.

Chinanso, musangofunsa ngati akufuna kuyamba. Pafupifupi aliyense adzati inde. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anasonyeza kuti munthu amene wanena tsiku, nthawi ndi malo amachita kwambiri kuposa amene wangoti ndidzayamba. A BamboWaShuga ndi umboni wake: geti, m'mawa, mnzawo. Pamenepo n'zosiyana ndi mwezi wamawa umene akukuuzani ku City Centre.

Nachisale_PH
Ndathokoza nonse. Ndikuona kuti mafunso anga ndiwagawe, amayi paokha abambo paokha, ndipo ndionjezere za abale, zovala, chitetezo, ndi amene amatsala ndi ana. Ndikufunanso kuyesa kagulu koyenda pa nthawi ya nkhomaliro pa ofesi imodzi, chifukwa masana kulibe mdima, ana ali kusukulu, ndipo anthu ali kale pamodzi. Amene mumagwira ntchito muofesi, zingatheke?

Sekilitale_CityCentre
Zingatheke miyezi yozizira. Mu October dzuwa la 12 koloko palibe angatuluke, ndipo kuofesi kwathu kulibe posambira. Yesani 4:30 anthu asanaweruke, koma mukayambe mwagwira abwana. Abwana akatuluka nawo, aliyense atuluka. Akangokhala mu ofesi, anthu aziopa kuti aoneka ngati alibe ntchito. Komanso amayi tiuzeni tsiku lisanafike kuti tibwere ndi nsapato zafulati m'chikwama.

MayiAwiri_Area49
A Naphiri, ku gulu lathu la banki m'khonde timakumana Loweruka masana. Ndikawafunsa amayi ngati tingamafike msanga n'kuzungulira bwalo la sukulu tisanayambe kuwerenga ndalama. Tikakhala gulu, bambo sangadandaule. Koma bwalolo lili ndi mpanda ndipo geti amakhoma. A Mphunzitsi_Kasungu, zoterezi timapempha kwa ndani?

Mphunzitsi_Kasungu
Yambani ndi ahedi, koma mupite ndi kalata yosainidwa ndi wapampando wa gulu lanu, yonena tsiku ndi nthawi. Ahedi akaitengera ku komiti ya sukulu. Ngati m'gulu mwanu muli mayi amene ali mu komitiyo kapena mu mother group, mutsogozeni ameneyo. Adzakufunsani za zinyalala ndi za zimbudzi, ndiye mukhale mutagwirizana kale woyang'anira. Mlonda wa Loweruka mumudziwitsenso, chifukwa kiyi amasunga ndi iyeyo.